Ndinaperekeza agogo ku sunagoge Loweruka, ndikufuna ndikufotokozereni zimene ndinaona

Make Tadala: Moni nonse pa gulupu pano. Pepani ndilemba zazitali pang'ono koma mtima wadzadza, chichokere Loweruka ndikungoganiza zomwezi. Ena mukudziwa kuti ndimasamalira agogo ena achiyuda kuno ku Joni, chaka chachinayi tsopano. Miyendo inafooka amayendera wilutcheya, maso nawo ayamba kuchita chidima koma mutu uli bwinobwino. Sabata yathayi inali yokumbukira tsiku limene amuna awo anamwalira, iwowo amati yahrzeit, amawerengera pa kalendala yawo yachiyuda ndiye pa kalendala yathuyi tsikulo limasuntha chaka ndi chaka. Lachinayi dzuwa litalowa anandituma kandulo ya m'kagalasi, anayatsa okha manja akunjenjemera, ndiye kandulo ija imayaka usiku onse ndi usana onse mpaka maola 24. Atayatsa anati Loweruka ndikufuna kupita ku shul, ndi mmene amaitchulira sunagoge, ukandiperekeze. Mwana wawo ali ku Sydney, ndipo munthu amene amawathandiza masiku ena anali atadwala, ndiye bambo wina wa mumpingo mwawo anabwera ndi galimoto kudzatitenga tonse.

Make Tadala: Ine mumtima ndinali nditakonza kale kuti ndikawasiya pakhomo ndikakhala panja ndi alonda kuothera dzuwa, mukudziwa kuzizira kwa July kuno. Titafika mayi wina amene amalandira anthu anandigwira dzanja akuti mupita kuti, mpando wanu uli pafupi ndi agogo. Ndinati ine ndine Mkhristu, wa CCAP, akuti palibe kanthu lowani. Anandipatsa buku la mapemphero nkundionetsa kuti limatsegulidwa kuchokera kumene ife timati kumapeto chifukwa Chiheberi chimawerengedwa kuchoka kumanja kupita kumanzere. Mkatimo muli Chiheberi, mawu omwewo olembedwa m'zilembo zathuzi kuti amene sadziwa azitha kutchula, ndi tanthauzo lake m'Chingerezi.

Nabanda: Eee achemwali munalowadi? Ine ndinkamva kuti sunagoge munthu wakuda salowa

Make Tadala: Ndinalowa Nabanda, ndipo sindinali ndekha wakuda. Munali banja lina lakuda, bambo atavala kachipewa kaja ndi nsalu ya mphonje pamapewa, akuyimba Chiheberi osayang'ana ndi m'buku momwe. Agogo anati ndi mamembala, anaphunzira nkulowa Chiyuda zaka zapitazo.

Mkulu wa ku Rosettenville: Mayi, ndikufunseni ngati munthu wosunga Sabata, ine wa SDA chibadwire. Mwati munapita pa galimoto? Ine kumene ndimagwira ntchito ya mugadeni cha ku Glenhazel, Loweruka Ayuda amayenda wapansi okhaokha, ngakhale swichi ya magetsi sakhudza, amuna amakhala kwaokha akazi kwaokha. Zanuzo ndi Chiyuda chomwecho kapena china?

Make Tadala: Zikomo bambo, funso lomwelo ndinawafunsa agogo. Akuti amene mukunenawo ndi a Orthodox ndipo kuno ku South Africa ndi amene ali ochuluka. Awa ndi a Progressive, kwina amati Reform. Mulungu ndi mmodzi yemweyo, Torah, mabuku asanu a Mose aja, ndi yomweyo, Sabata limayamba Lachisanu dzuwa likalowa nkutha Loweruka nyenyezi zikaoneka monga enawo, koma malamulo a makolo amawayeza ndi nthawi imene tikukhalamo. Agogo akuti munthu ngati ine wa pa wilutcheya, galimoto akandiletsa ndiye kuti andiletsa kupemphera ndi anzanga. Ndipo amakhala pamodzi, bambo mayi ndi ana benchi imodzi.

Aphunzitsi: Ndithandizeko pang'ono mbiri yake popeza ndinkakhala ku Hillbrow ndipo ndinachita nayo chidwi. Amene anayambitsa mbali imeneyi kuno anali Rabbi Moses Cyrus Weiler, anabadwira ku Riga dziko la Latvia, anakaphunzira urabi, ubusa wa Chiyuda, ku Hebrew Union College ku Cincinnati, nafika ku Johannesburg mu 1933 ali mnyamata. Sunagoge wawo woyamba ndi Temple Israel ya pa Paul Nel Street ku Hillbrow, inatsegulidwa mu 1936 ndipo ikadalipo ngakhale Ayuda ambiri anasamuka dera limenelo. Pambuyo pake kunabwera Beit Emanuel ku Parktown ndi Bet David ku Sandton. Chimene chinandigwira mtima ine monga mphunzitsi nchakuti amayi a mpingowu, gulu lawo lotchedwa United Sisterhood, anayamba sukulu ya ana akuda ku Alexandra m'zaka za m'ma 1940, tsankho lili pa mponda chimera, ndipo mpaka lero ilipo, M C Weiler Primary School. Amene mumakhala ku Alex mukuidziwa.

Nabanda: Iii mwana wa anebala anga amaphunzira pomwepo, sindinkadziwa kuti dzinalo ndi la rabbi

Make Tadala: Ndipitirize chifukwa chachikulu sindinanene. Tsikuli kunalinso bat mitzvah ya mtsikana wa zaka 13, ndi ngati chinamwali chawo koma cha mabuku, mwana amaphunzira Chiheberi nthawi yayitali kenako amaima pamaso pa mpingo kuwerenga yekha mu mpukutu. Mpukutuwo si buku losindikiza ayi, ndi chikopa, munthu wophunzira ntchito imeneyi amalemba ndi nthenga ndi inki chilembo ndi chilembo mabuku asanu a Mose. Amausunga m'kabati yapadera kutsogolo, akamatsegula aliyense amene angathe amaimirira. Ndiye anaunyamula kuzungulira nawo mkachisi muja, anthu akuukhudza ndi mphonje kapena ndi buku nkupsopsona mphonjezo. Ife tinali kumbali chifukwa cha wilutcheya, ine ndinati adutsa sationa. Mtsikana uja mwiniwake, mpukutu wolemera uli paphewa, anapatuka nkubwera mpaka pamene panali agogo nkuwerama kuti dzanja lawo lifikire. Agogo anaika nsonga ya buku pansalu ya mpukutu, nkupsopsona bukulo, misozi ili mbwee. Ine ndinagwira pakamwa.

Make Tadala: Powerenga sagwira ndi chala, amalozera ndi kandodo kasiliva kokhala ndi kadzanja kunsonga. Chigawo cha sabata imeneyo chinali ndi nkhani ya ana aakazi a Zelofehadi, Numeri 27, atsikana asanu aja Mala, Nowa, Hogila, Milika ndi Tiriza amene bambo awo anamwalira opanda mwana wamwamuna, iwo nkupita kwa Mose kukafunsa kuti dzina la bambo athu lifafanizike chifukwa chiyani, tipatseni malo. Mtsikana uja atamaliza kuwerenga analankhula yekha zimene waphunziramo, akuti chimene chamusangalatsa nchakuti atsikanawo sanathawe pamsasa, sanakhalenso chete, anaima pakhomo la chihema nkufunsa, ndipo Mulungu anati akunena zoona lamulo nkusintha. Abale anga ine Numeri 27 ndinaiwerengapo ku chigwirizano koma tsikulo inandilasa. Bambo a Tadala atamwalira akuchimuna anabwera nkutenga malata amene tinagula, njinga, ngakhale mashini anga osokera, akuti mwana wamkazi salowa chuma. Nchifukwa chake ndili ku Joni kuno. Ndinakhala pa benchi paja kumalira ndi agogo, aliyense zake.

Nabanda: Pepani achemwali pepani. Zimenezi zatichitikira ambiri

Aphunzitsi: Pepani mayi. Kumudzi lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa kulanda katundu, ndi mlandu, ndipo mwana wamkazi ndi wamwamuna amawaona mofanana, koma kumidzi ambiri sakulidziwa kapena amaopa akuchimuna.

Che Mangochi: Salaam kwa nonse. Ine ndafuna ndimve ngati panali pemphero lokumbukira omwalira, ndipo agogowo anapemphera okha? Chifukwa ife kwathu pa maliro akazi sapita kumanda, ndimaganiza Ayuda ndi chimodzimodzi popeza zambiri timafanana, nkhumba sadya, nyama amazinga mwa lamulo, anyamata amaumbala ngakhale iwo ali ndi masiku 8 okha

Make Tadala: Waalaikum salaam achimwene. Pempherolo amati Kaddish, limabwera chakumapeto. Rabbi amawerenga mayina a onse amene akukumbukiridwa sabata imeneyo, atafika pa dzina la amuna awo agogo anandifinya dzanja kuti ndiwathandize kudzuka, ndinawagwira m'khwapa anaima ndithu ngakhale miyendo ikugwedezeka, nkunena mawu aja pamtima. Pobwerera anandifotokozera kuti pempheroli silinenedwa munthu ali yekha, pamafunika anthu 10 achikulire, amati minyan. Kumene anakulira iwo ku Orthodox amawerenga amuna okhaokha, akazi mungadzadze chipinda simulowa m'chiwerengerocho, ndipo kawirikawiri amene amanena Kaddish ndi mwana wamwamuna. Iwo anabereka wamkazi mmodzi basi. Akuti bambo awo atamwalira iwo ali mtsikana anakhala m'mwamba m'malo a akazi kumangoonerera amuna ena akunena pemphero la bambo awo. Kuno mkazi amawerengedwa, ndiye akuti tsiku loyamba kuima nkunena okha anamva ngati wina wawatula katundu wa zaka zambiri. Chodabwitsa nchakuti ndinawerenga tanthauzo lake, m'pemphero lonselo mulibe mawu oti imfa, ndi lotamanda dzina la Mulungu ndi kupempha mtendere.

Che Mangochi: Mashallah, zandikhudza

Nabanda: Abwana anga akale atamwalira mayi awo anakhala pansi pa timipando tatifupi sabata yonse, magalasi a m'nyumba ataphimba ndi nsalu, anthu kumabwera ndi zakudya madzulo aliwonse, iwo ankati shiva ine nkumamva ngati akuti siwa

Aphunzitsi: Kamvekedwe kokha ndi kamene kakufanana Nabanda, shiva m'Chiheberi ndi nambala 7, masiku a kulira. Koma mchitidwe wake ulidi pafupi ndi wathu, woferedwa saphika, sasiyidwa yekha. Ndipo pakapita miyezi amakavundukula chiliza monga ife.

Mnyamata wa Yesu: Koma abale tisanamizane, awa ndi amene anapha Ambuye wathu ndipo mpaka lero akumukana, inu Mkhristu mukukalira nawo chani kumeneko

Sisita wa ku London: Achimwene mawu amenewo bwezani chonde. Mawu oti Ayuda anapha Yesu aphetsa anthu ambirimbiri ku Ulaya kwa zaka mazanamazana, ndipo anakonza njira ya zimene Hitler anachita, kupha Ayuda 6 miliyoni. Ife Akatolika mpingo wathu unanena poyera mu 1965 pa msonkhano wa Vatican wachiwiri, m'chikalata cha Nostra Aetate, kuti mlandu wa imfa ya Yesu sungaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo kapena a lero. Anapachika ndi asilikali a Roma pa chilolezo cha Pilato. Yesu mwini, Mariya, Petro, onse anali Ayuda, ndipo pa Luka 4 Yesu anaimirira mu sunagoge pa Sabata kuwerenga mpukutu wa Yesaya, chimodzimodzi zimene Make Tadala waona mtsikana uja akuchita. Kuti sakhulupirira Yesu ngati Mesiya ndi zoona, tikusiyana pamenepo, koma gogo wolira mwamuna wake sanaphe munthu.

Mnyamata wa Yesu: Ndamva sisita. Komabe anakuuzani kuti mulowe chipembedzo chawo eti mayi?

Make Tadala: Ayi ndi pang'ono pomwe mwana wanga. Palibe anandifunsa kuti mubwerenso liti kapena lembetsani dzina. Agogo akuti Ayuda sayenda kukopa anthu, amakhulupirira kuti munthu wolungama wa mtundu uliwonse Mulungu amamulandira. Wofuna kulowa yekha amaphunzira chaka kapena kupitirira, Chiheberi, maholide, mbiri, kenako amakaonekera pamaso pa bwalo la anthu atatu lotchedwa Beit Din. Lamulungu mmawa ine ndinali ku tchalitchi kwanga monga nthawi zonse.

Sisita wa ku London: Kuno ndimagwira ntchito ndi nesi mnzanga wa mpingo wa Liberal, umene ndi wa mbali ya Progressive yomweyo, anandiitanapo pa Passover, Paska wawo, mwana wamng'ono kwambiri patebulo ndi amene amayamba ndi mafunso anayi ndipo usiku onse ndi kuyankha mafunsowo. Za akazi kutsogolera sizinabwere dzulo. Mkazi woyamba kukhala rabbi anali Regina Jonas wa ku Berlin mu 1935, anaphedwa ku msasa wa Hitler wa Auschwitz mu 1944. Ku America anayamba Sally Priesand mu 1972, kuno ku Britain Jackie Tabick mu 1975. Chinanso, mwa lamulo lakale Myuda ndi wobadwa kwa mayi wachiyuda, koma a Liberal amalandira mwana amene bambo yekha ndi Myuda bola waleredwa m'Chiyuda. Mnzangayo ndi mmodzi wa ana otere, ndiye kwa iye si nkhani ya m'mabuku.

Wa ku famu: Moni akuluakulu, ine ndili ku Israel ndinabwera ndi gulu la ntchito za kumunda lija kumapeto kwa 2023. Kuno a Reform alipo koma ndi ochepa, maukwati achiyuda ovomerezeka ndi boma ali m'manja mwa ma rabbi a Orthodox. Tinapita ku Jerusalem ku khoma lija limene Ayuda amapempherapo, pali mpanda wogawa amuna uku akazi uku, koma chakummwera pang'ono pamene amati Robinson's Arch pali malo ena amene mabanja amapemphera pamodzi. Lachisanu masana mabasi ambiri amaima mpaka Loweruka madzulo, ukachedwa wagona komweko

Bambo a Yoha: Nanga za Gaza akuti chani amenewo

Adimini: Bambo a Yoha nkhani imeneyo ndi yolemera ndipo tinaikambapo mwezi watha anthu nkutulutsana pa gulupu. Siyochepa ayi koma muiyambitse payokha. Pano tikumva za mapemphero amene mayiwa anapitako, agogo a pa wilutcheya si boma la Israel.

Mkulu wa ku Rosettenville: Mayi ndibwerenso. Ndamva kuti mipingo imeneyi imadalitsa maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha. Ngati ndi zoona ndiye Levitiko 18 amaiwerenga bwanji popeza ili mu mpukutu momwemo? Sindikufunsa mwachipongwe

Aphunzitsi: Ndi zoona bambo. South Africa inakhazikitsa lamulo la Civil Union Act lolola maukwati amenewa kumapeto kwa 2006, ndipo bungwe lawo la South African Union for Progressive Judaism linalengeza mu 2007 kuti ma rabbi awo akhoza kumangitsa maukwati otere. A Orthodox sachita zimenezo. Ndime ya Levitiko sanaichotse, amaiwerenga ikafika nthawi yake, koma amaiika pa sikelo ndi Genesis 1 yoti munthu aliyense analengedwa m'chifanizo cha Mulungu.

Make Tadala: Ine ndinena zimene ndinaona basi. Kutsogolo kwathu kunakhala amayi awiri ndi kamwana kakang'ono, agogo anandinong'oneza kuti ndi banja. Palibe amene anapotoza khosi, kamwana kaja kanathamangira kutsogolo ndi anzake pamene rabbi anaitana ana. Ku mpingo kwathu timaphunzitsidwa zina ndipo sindinganame kuti mumtima mwanga zakhazikika, ndikuganizabe. Koma ndinakumbukira kuti ola limodzi m'mbuyomo inenso ndinali munthu woti ndikhala panja ndi alonda.

Mkulu wa ku Rosettenville: Ine pamenepo sindingavomereze, chikhulupiriro changa sichilola, komabe zikomo poyankha moona mtima

Make Tadala: Zikomo bambo. Ndipo kusagwirizana kotereku iwowo sakuopa, ndi chinthu china chimene chinandizunguza mutu. Mapemphero atatha tinapita mu holo, anadalitsa vinyo ndi juwisi wa mphesa wa ana, buledi wolukana uja amati challah aliyense kunyema kachidutswa, panali nsomba ya herring yogaya ndi tibisiketi topyapyala ta shuga amati kichel, agogo akuti ndi zakudya za makolo awo a ku Lithuania kumene Ayuda ambiri a kuno anachokera. Kenako ena anakoka mipando pakona kuyamba kukambirana chigawo chija. Mdala wina anakweza dzanja nkumuuza mtsikana uja kuti walankhula bwino koma wawerenga Numeri 36? Paja kumeneko akulu a fuko anakadandaula ndipo atsikana aja anauzidwa kuti akwatiwe m'fuko la bambo awo lokha kuti malo asachoke. Ine ndinachita mantha kuti mwana achita manyazi tsiku lake lalikulu. Ayi ndithu, anayankha kuti ndawerenga, ndipo ndikuona kuti anapatsidwa ndi dzanja ili nkuwachepetsera ndi linalo, komabe malo anawapeza. Mayi wina anatsutsa mdala uja, wina anatsutsa mayiyo, rabbi ali phee kumvetsera, nthawi zina kuponyamo funso lina m'malo moyankha. Mawu anakwera ndithu koma pomaliza amapatsirana tiyi.

Aphunzitsi: Ndi chikhalidwe chakalekale chimenecho. Mu Talmud, mabuku a ziphunzitso za ma rabbi akale, muli mikangano ya ophunzira a aphunzitsi awiri, Hillel ndi Shammai, ndipo maganizo a mbali imene inagonja sanawafufute, analembedwa pambali pa opambanawo kuti ana azidzawerenga zonse. Amaphunziranso awiriawiri, amati chavruta, wina kuwerenga wina kutsutsa. Torah yonse anaigawa m'zigawo 54 kuti ithe pa chaka, akamaliza pa chikondwerero cha Simchat Torah amavina ndi mipukutu nkuyambiranso Genesis tsiku lomwelo. Ine m'kalasi mwanga ndimavutika kuti ana afunse, anazolowera kuti kufunsa wamkulu ndi mwano.

Make Tadala: Ndiye mayi amene anandilandira pakhomo uja anatembenukira kwa ine akuti nanga inu kwanu mwana wamkazi amalowa malo? Ndinachita chibwibwi koma ndinafotokoza kuti kwathu ku Chewa ndi ku Lomwe munda umayenda kuchikazi, mwamuna amabwera chikamwini, pamene kumpoto kwa a malowolo umayenda kuchimuna, komabe konsekonse mkazi wamasiye amalandidwa katundu wa m'nyumba. Anakhala chete kumvetsera, mdala uja anafunsa kuti ndiye malume ali ndi mphamvu kuposa bambo? Ndinati eya, mwini mbumba. Mtsikana uja anatenga cholembera nkundipempha ndimulembere mawu oti mbumba.

Nabanda: Achemwali mwatiimirira bwino. Kodi munthu wamba ngati ine angapite kukaona?

Make Tadala: Ndinafunsa, akuti alendo amalandiridwa koma uyambe waimba foni ku ofesi mkati mwa sabata, chifukwa pageti pali chitetezo chokhwima, amafunsa dzina ndi chiphaso, mukudziwa masunagoge amaopsezedwa m'mayiko ambiri. Foni uzimitse, zithunzi usajambule popanda kupempha, amuna amapatsidwa kachipewa pakhomo. Akuti Lachisanu madzulo ndi pabwino kwa woyamba chifukwa mapemphero ndi aafupi ndipo nyimbo ndi zambiri.

Che Mangochi: Ine Lachisanu ndikachoka ku Juma ndimaweruka 5 koloko, Nabanda mukaimba mundiuze tipitire limodzi

Wa ku famu: Mukawauze Shabbat shalom, ndi moni wake wa tsikulo

Make Tadala: Ameneyo ndinaphunzira kale kwa agogo. Ndisiyire pompa kaye, belu lawo lalira ndi nthawi ya mankhwala, ndipo akuti mawa tiyambe molawirira kukanda ufa wa challah, akufuna andiphunzitse kuluka kwa zingwe zinayi manja awo asanaumiretu. Nabanda nambala ya ofesi ndikutumizira ku inibokosi ndikamaliza.